Liu la Cingerezi lakuti "Undoing"

Pakati pa mau a Cingerezi amene amasokoneza ophunzira pali liu lakuti "undoing". Tsinde lace ndi "do", ndiko kucita. Kaliu kakuti "un" kakaikidwa patsogolo pa mneni, kamabweza nchito imene inacitika kale: "tie" ndi kumanga, "untie" ndi kumasula. Cinyanja cimacita comweco, koma ico cimasintha kothera kwa liu, monga kutseka ndi kutsegula, kuyala ndi kuyalula, kumata ndi kumatula. Cotero "undo" ndi kumasula mfundo kapena kuphwasula comangidwa. Liuli ndi lakalekale, pakuti Angerezi anali nalo zaka zoposa 1,000 zapitazo.

Tanthauzo laciwiri ndi lolemera koposa. Munthu amasonkhanitsa cuma, mbiri ndi ulemu pang'onopang'ono, monga mai atola nkhuni namanga mtolo. Luzi likamasuka, nkhuni zonse zimamwazika. Kumwazika kotere kwa moyo wa munthu ndiko "undoing", ndipo cinthu cimene cinamasula luzilo cimachedwanso ndi dzina lomwelo. Mngerezi akati, "Drink was his undoing," ali kunena kuti mowa ndiwo unamgwetsa munthuyo.

Kawirikawiri liuli limayenda ndi mwini wace: "his undoing", "her undoing", "their undoing". Dzombe likatha mapira m'mudzi, liu loyenera ndi "disaster", cifukwa tsokalo lagwera onse popanda wolakwa. Koma "undoing" nthawi zambiri limaloza cala pa cofooka ca munthu mwini, kaya kunyada, umbombo, kapena kusamva malangizo.

Citsanzo codziwika ndi ca Napoleon, mfumu ya France. Mu June 1812 analowa m'dziko la Russia ndi asilikari oposa 400,000. Anafika ku Moscow mu September, koma anthu ambiri anali atathawa, ndipo mzindawo unapsa ndi moto. Pobwerera, njala, nthenda ndi cisanu zinatha ankhondo ace, ndipo mu 1814 anacoka pa mpando waufumu. Palibe amene anamkakamiza ulendowo. Ndi cifukwa cace Angerezi amati Russia ndiye anali "undoing" wace. Akulu akale anati, cakomacakoma pusi anagwa cagada.

Wophunzira acenjerenso ndi liu lina la banja lomweli, lakuti "undone", pakuti lili ndi nkhope ziwiri. "The work was left undone" ndi kuti nchito sinagwiridwe konse. "The parcel came undone" ndi kuti phukusi linamangidwa ndithu, koma linamasuka panjira. Kalaliki amene asokoneza ziwirizi m'kalata angathe kunamizira mnzace ulesi, pamene colakwa cinali ca cingwe cabe. Ndipo bodza lotere likaululika, likhoza kukhala "undoing" wa kalaliki mwini wace.