Kodi Muzu wa Chimanga Umakula Bwanji?

Mvula yoyamba ikagwa ku Chitukula, Nsaru kapena Kabudula, njere ya chimanga imatulutsa muzu patangopita masiku owerengeka. Muzuwo umakula chifukwa kunsonga kwake maselo, tizipinda tating'onoting'ono timene timapanga thupi la chamoyo chilichonse, amagawikana kenaka n'kutalika. Kugawikanaku kumatchedwa mitosis, dzina limene Walther Flemming wa ku Germany anapereka m'chaka cha 1882.

M'kati mwa selo muli nyukiliyasi, ndipo m'menemo muli timaulusi totchedwa makromozomu, tosunga malangizo onse a chibadwa. Selo la chimanga lili ndi makromozomu 20, la mtedza 40, la munthu 46. Selo lisanagawike, limayamba lakopera kromozomu iliyonse, kotero kuti iliyonse imasanduka mapasa ogwirana. Tsono ntchito imayenda m'magawo anayi.

Gawo loyamba ndi prophase. Timaulusi tija timafupika ndi kunenepa mpaka kuoneka pa maikulosikopu, ndipo khungu la nyukiliyasi limasweka.

Lachiwiri ndi metaphase. Makromozomu amandanda pakati pa selo ngati ana asukulu pamzere, ndipo tizingwe tochokera mbali zonse ziwiri timawakola.

Lachitatu ndi anaphase. Tizingwe timakoka, mapasa aja amalekana, wina uku wina uko.

Lomaliza ndi telophase. Mbali iliyonse imapanga nyukiliyasi yakeyake. Pamenepo selo la chomera limamanga khoma pakati, pomwe la nyama limaning'a m'chiuno mpaka kuduka. Maselo awiri atsopanowo amakhala ndi makromozomu ofanana ndendende ndi a kholo lawo.

N'chifukwa chake mlimi akabzala kholowa kapena mtengo wa chinangwa amakolola mtundu womwewo umene anadula. N'chifukwa chakenso bala la khasu limapola: maselo a m'mbali mwake amagawikana mpaka kutseka malowo.

Koma kugawikana kuli ndi malire ake. Maselo akasiya kumvera malirewo amachulukana mosalekeza n'kupanga chotupa, ndiyo khansa. Khansa ya khomo la chiberekero, imene yatenga amayi ambiri m'Malawi, imayamba pamene kachilombo ka HPV kasokoneza malire amenewa. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019. Makolo, musalole kuti ana anu aakazi aphonye katemerayu, ndipo amayi azipita kuchipatala kukayezetsa kusanachedwe.