Kompyuta Ikazima Pakati pa Nchito ya Zithunzithunzi

Mu Natuseko, monganso m'makomboni ena a mzinda wa Kabwe, muli anthu amene apeza cakudya cao ndi nchito yojambula zithunzithunzi. Masiku ano cithunzi sicitsukidwanso m'madzi a mankhwala ai. Cikonzedwa pa kompyuta, ndi pulogalamu monga Photoshop, imene kampani ya Adobe inaturutsa m'caka ca 1990, kapena GIMP, imene ipezeka kwaulere. Koma kawiri-kawiri kucitika kuti wojambula ali mkati mokonza zithunzi za ukwati, pulogalamu ingouma, kapena kompyuta yonse izima. Nchito ya maora atatu yatayika, mwini zithunzi ali ciimire pakhomo, ndipo ukwati sungabwerezedwe.

Anthu amene anagwirako nchito pa mgodi wa Broken Hill, umene unatsekedwa mu 1994, adziwa mwambo wa mmisiri wabwino. Pampu ikaleka kukoka madzi, iye samasula makina onse nthawi imodzi. Ayamba wafunsa m'mene yalekera, nayesa cinthu cimodzi-cimodzi. Kompyuta ifunanso mwambo womwewo. Funso loyamba ndi ili: kodi yazima kompyuta yonse, kapena yatseka pulogalamu yokha?

Ngati yazima yonse, kawiri-kawiri mlandu uli pa kutentha kapena pa magetsi. Kukonza zithunzi ndi nchito yolemetsa makina, ndipo makina olemedwa atentha. M'kati muli kacipupizira koturutsa mpweya wotentha, koma pfumbi likatseka ziboo zace, makamaka m'mwezi wa October, kutentha kukwera. Kukayandikira madigiri 100, kompyuta iyamba kuyenda pang'ono-pang'ono, ndipo pambuyo pace idzizimitsa yokha kuti ingapse. Mankhwala ace ndiwo kuzula nthambo ya magetsi, kutsegula bokosi, ndi kupemerera pfumbi lonse. Koma pano pafunika cenjezo. Pfumbi la m'madera ambiri a Kabwe liri ndi mtobvu wocokera ku mgodi wakale, ndipo mtobvu upweteka ana koposa akulu. Cifukwa cace nchito imeneyi icitike pabwalo, kutali ndi ana, munthu atapsinja nsaru pamphuno ndi pakamwa, ndipo akatha asambe m'manja.

Za magetsi anthu a mu Kabwe azidziwa bwino. M'caka ca 2024, pamene cirala cinacepetsa madzi a ku Kariba, ZESCO inali kuzimitsa magetsi maora ambiri tsiku liri lonse. Magetsi akacoka mwadzidzidzi, cithunzi cosasungidwa citayika. Akabwera ndi mphamvu yopambana muyeso, aononga ziwalo za makina. Kabokosi ka batire kochedwa UPS kapatsa munthu mphindi zingapo zakuti asunge nchito yace ndi kuzimitsa kompyuta mwadongosolo.

Ngati yatseka pulogalamu yokha, coyamba kuyang'ana ndico malo ogwirirapo nchito. Kompyuta iri ndi malo a mitundu iwiri. RAM iri ngati thebulo la mmisiri, pamene aikapo zinthu zimene ali kugwira tsopano. Disiki iri ngati nkhokwe. Cithunzi ca timadontho mamiliyoni 24 cioneka cacing'ono m'nkhokwe, koma cikatambasulidwa pathebulo citenga mamegabaiti 72, ndipo cipepala ciri conse cimene wojambula asanjikiza pamwamba pace cionjezera kulemera. Adobe inena kuti Photoshop ifuna RAM yosacepera magigabaiti 8, ndi kuti 16 ndiyo yabwino. Munthu akasindikiza Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi, Windows imuonetsa ngati thebulo ladzaza. Likadzaza, atseke intaneti ndi mapulogalamu ena, ndipo atsegule zithunzi zocepa pa nthawi imodzi.

Thebulo likacepa, Photoshop ibwereka malo m'nkhokwe. Tsono ngati disiki nayonso yadzaza ndi zithunzi za zaka zapitazo, pulogalamu isowa pobwereka, ndipo iuma. Zithunzi zakale zisamutsidwe ku disiki ina yakunja.

Cina cobvuta ndico ciwalo cimene cionetsa zithunzi pagalasi, pamodzi ndi kapulogalamu kace kocedwa draiva. Kuyesa kwace nkosabvuta: mu Photoshop munthu alowe pa Preferences, kenaka pa Performance, acotse cizindikiro pa mau akuti Use Graphics Processor, natsegulenso pulogalamu. Bvuto likatha, ndiye kuti wolakwa ndi draiva, ndipo watsopano atengedwe kwa eni ace amene anapanga ciwaloco, kaya Intel, NVIDIA kapena AMD. Likapanda kutha, agwire Ctrl, Alt ndi Shift potsegula Photoshop, kuti ibwerere ku makonzedwe ace oyamba. Ndipo ngati itseka pa cithunzi cimodzi cokha, cithunzico ndico caonongeka; cikopedwenso kucokera pa khadi ya kamera.

Pali zinanso ziwiri zosayenera kuiwalika. Mapulogalamu akuba ogulidwa mochipa kawiri-kawiri abwera ndi mavairasi, ndipo salandira zokonza kucokera kwa eni ace. Ndiponso Microsoft inaleka kusamalira Windows 10 pa 14 October 2025, kotero kuti kompyuta yokhalabe pamenepo ikhala yosatetezeka bwino. Munthu wopanda ndarama zolipira Photoshop acita bwino kuphunzira GIMP koposa kukhulupirira katundu wakuba.

Galasi likamasanduka lobiriwira kawiri-kawiri, mwina RAM yeniyeniyo yaonongeka, ndipo Windows Memory Diagnostic iyesa zimenezo. Pamenepo ndi nthawi yopita kwa mmisiri. Wopitayo alembe papepala mau amene anaoneka pagalasi, cimene anali kucita, ndi zimene wayesa kale. Potero mmisiri sadzamgulitsa ciwalo cosafunika.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo wofuna bvuto la kompyuta adekhe momwemo. Koma zinthu ziwiri zisadikire tsiku la tsoka. Wojambula asindikize Ctrl ndi S mphindi zingapo ziri zonse, ndipo asafafanize khadi ya kamera kufikira zithunzi za mwini wace zitasungidwa pa malo awiri osiyana.