Ozunza Akhristu sankafunsa za mumtima

Mwezi watha ndinali pamaliro a bambo wina amene mpingo wake unakana kumuimbira. Zifukwa zake ndi zomwe mukuzidziwa kale: malemuyo anasiya kufika kutchalitchi, ndipo khadi yake ya zopereka inali mbee. Amayi a mumpingo anabwera ndithu, koma yunifolomu anaisiya kunyumba. Bokosi linatsikira m'manda anthu ali duu. Tikubwerera, mwana wa malemuyo anandigwira mkono nati, "Abusa, bambo anga ankapemphera m'nyumba tsiku lililonse. Si paja Mulungu amaona mumtima? Nanga tchalitchi n'chachiyani?"

Mpingo uja unalakwa, ndipo sindibisa. Maliro si malo okokerana ngongole. Koma funso la mnyamatayo ndimalimva paliponse, m'minibasi, m'kalasi ya ophunzira zaubusa, ngakhale kwa anthu amene palibe anawalakwira, ndipo landitopetsa. Akuti Chikhristu chenicheni n'cha mumtima, kusonkhana ndi mwambo chabe umene abusa anaika kuti mbale ya chopereka isaume. Ine ndimaphunzitsa mbiri ya mpingo, ndipo yankho langa ndimalitenga kwa anthu amene ankadana ndi uthenga wabwino, chifukwa iwo ankadziwa bwino malo omenya.

Cha m'ma 112, bwanamkubwa wa chigawo cha Bithynia, kumpoto kwa dziko limene lero ndi Turkey, analembera kalata mfumu Trajan ya ku Roma. Dzina lake anali Pliny. Akhristu anali atamuzunguza mutu, ndiye anawafufuza, mpaka kuzunza amayi awiri akapolo amene ankatumikira mumpingo. Zimene anapeza n'zakuti anthuwa ankakumana tsiku loikika kunja kusanache, kuimbira Khristu ngati Mulungu, kulonjezana kuti saba kapena kuchita chigololo, kenaka kubalalika n'kudzakumananso kuti adye pamodzi. Kukumanako n'kumene kunali pangozi, pakuti boma linali litaletsa magulu osonkhana. Ankalawirira chonchi chifukwa Lamulungu linali tsiku la ntchito. Linadzakhala lopuma mu 321, pa lamulo la mfumu Constantine. Kapolo ankayamba wapemphera ndi anzake mumdima, kenaka n'kuthamangira kuntchito ya bwana wake.

Chizunzo chachikulu cha mfumu Diocletian chinayamba mu February 303 ndi kugwetsa tchalitchi cha mumzinda wa Nicomedia. Lamulo lake loyamba linali la zinthu zooneka ndi maso: nyumba zopemphereramo zigwetsedwe, mabuku opatulika atenthedwe, Akhristu asasonkhanenso. Chaka chotsatira, kuno ku Africa, m'tauni ya Abitinae imene ili m'dziko la Tunisia lero, asilikali anapeza Akhristu 49 ali m'nyumba ya munthu pamodzi ndi wansembe wawo Saturninus. Anawatengera ku Carthage. Mmodzi wa iwo, Emeritus, atafunsidwa chifukwa chimene ankalolera anthu kusonkhana kwake, anayankha kuti sakanatha kuwabweza poti anali abale ake, ndipo iwo sakanakhala opanda mwambo wa tsiku la Ambuye. Anthu amenewa akanangopemphera aliyense kuchipinda kwake, palibe akanawagwira tsiku limenelo. Njira ya mumtima inali yotsegula, ndipo iwo anaiona, koma sanaitenge.

Ndi kwathu komwe zinali choncho. A Mboni za Yehova, amene ine ndimasiyana nawo kwambiri pa chiphunzitso, analetsedwa mu 1967 atakana kugula makadi a chipani, ndipo chiletsocho chinatha mu 1993. Ambiri anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique, otsala ankakumana mobisa. Kalata ya maepiskopi a Katolika ya pa 8 March 1992 inagwedeza boma chifukwa inawerengedwa mokweza m'matchalitchi tsiku limodzi, munthu akumva zimene ankaopa kunena, n'kutembenuka kuona mnzake wa pabenchi akugwedeza mutu. Boma lankhanza siliopa munthu wokhulupirira payekha.

Tsono apa ena amatulutsa mawu a kusukulu yaubusa, akuti "mpingo wosaoneka". Chiphunzitsochi chilipodi. Tanthauzo lake n'lakuti Mulungu yekha ndiye amadziwa anthu ake enieni, ndipo kaundula wa mlembi wa mpingo sangafanane ndendende ndi wa kumwamba. John Calvin anachiphunzitsa, koma yemweyo ankatcha mpingo wooneka, uwu wa mabenchi ndi makwaya ndi mikangano, mayi wa okhulupirira. Chiphunzitsochi chinaikidwa kuti chichepetse ife atsogoleri, tisamadziyese oweruza a mitima. Sichinaikidwe kuti chikhale chitupa chogonera Lamulungu m'mawa. Zoonadi kupita kutchalitchi sikupulumutsa munthu, ndipo ndikamva mlaliki akuopseza anthu ngati kuti kujomba ndi tikiti ya kugehena ndimachita manyazi. Koma palibe amadzibatiza yekha. Palibe amadzipatsa yekha mgonero. Kukhululukirana, kulangizana, kusenzerana mavuto, zonsezi zimafuna munthu wachiwiri, ndipo kawirikawiri wachiwiriyo amakhala munthu amene simukanamusankha. Vutoli si lachilendo ayi: kalata ya kwa Ahebri, mutu 10, ikuonetsa kuti ena anali atayamba kale chizolowezi chojomba.

Pali chinthu chimene ndimafuna akulu a mpingo achimve. Justin Martyr, polemba ku Roma cha m'ma 150, anafotokoza mapemphero a Lamulungu: kuwerenga malemba, ulaliki, pemphero, buledi ndi vinyo, ndi chopereka chothandizira ana amasiye, akazi amasiye, odwala ndi am'ndende. Anawonjeza kuti mwambo ukatha, atumiki ankanyamula mgonero kukapereka kwa amene sanabwere. Munthu akasowa, mpingo unkanyamuka kumutsatira. Lero munthu amasowa chaka chathunthu popanda womugogodera, ndipo oyamba kukumbukira dzina lake amakhala a komiti ya zachuma. Anthu ambiri amene ndacheza nawo sanachoke chifukwa chotsutsa uthenga wabwino. Anachoka chifukwa cha miseche, maulaliki a ndalama sabata ndi sabata, kapena anadulidwa pamlandu umene wolemera anaupulumuka. Tikamawatcha adani a uthenga, n'kumadzitcha ife ozunzidwa, tikunyoza anthu a ku Abitinae.

Nanga achite chiyani anamwino, alonda, ndi abale athu a ku Joni amene Lamulungu limawapeza ali pantchito? Sindikupatsani lamulo, poti mipingo imasiyana ndipo ya Sabata ili ndi tsiku lake. Koma funani kagulu ka m'kati mwa sabata, mlaga kapena mphakati, ngakhale anthu asanu pakhonde la munthu. Wailesi, kanema ndi magulu a pa WhatsApp zimathandiza odwala ndi okalamba, ndipo tonse tinazidalira nthawi ya Covid-19, komabe muuze mbusa wanu kuti akubweretsereni mgonero. Ndi ntchito yake, musachite naye manyazi. Ngati mpingo unakupwetekani, mwina yambani mwalankhula ndi mkulu mmodzi amene mumamukhulupirira. Zikakanika, kusamukira kwina si tchimo, ndipo pamene pali nkhanza kapena kugwiririra, chokani lero lomwe n'kukanena kupolisi. Kumene mukupitako yang'anani zinthu ziwiri: ngati malemba amawerengedwa mokwanira, komanso ngati ndalama za mpingo zimalengezedwa poyera. Kumene akugulitsa madzi ndi mafuta odzozedwa pakhomo, ine sindingakutumizeni.