Onse awiri akakhala asilikali, ana amatsala ndi agogo

Lamlungu madzulo pa Mbare Musika mu Harare, pakati pa amalonda ndi anyamata oyitanira mabasi, pamadutsanso asilikali othamangira basi ya ku Mutare kapena ku Masvingo kuti Lolemba akapezeke pa perete. Ena mwa iwo, mkazi amene wawaperekeza nayenso ndi msilikali, ndipo kukacha akavala yunifomu yake kupita ku Josiah Magama Tongogara Barracks, likulu la asilikali apamtunda lomwe mpaka 2017 linkatchedwa KGVI.

Magulu a asilikali a Zimbabwe ndi omwazikana: 1 Brigade ili ku Bulawayo, makilomita pafupifupi 440 kuchokera ku Harare, 2 Brigade mu Harare momwemo, 3 Brigade ku Mutare, 4 Brigade ku Masvingo. Ankhondo a mumlengalenga ali ku Manyame ndi ku Gweru. Kalata ya transifa ikatuluka, msilikali sakambirana nayo, amangolongedza. Ndiye ngati bambo awatumiza ku Bulawayo pamene mayi ali ku Inkomo Barracks pafupi ndi Harare, ana apita ndi ndani?

Yankho lili m'nyumba zazing'ono za ku Mufakose, Mabvuku, Highfield ndi Dzivarasekwa mu Harare. Ana amatsala ndi agogo. Kumusamutsa mwana amene akukonzekera mayeso a Giredi 7 n'kumuonongera chaka, komanso nyumba ya mutauni ukaisiya, kupeza ina n'kovuta. Motero banja limodzi limaphika miphika itatu: wa bambo, wa mayi, ndi wa agogo amene amadikira ndalama ya pa EcoCash kumapeto kwa mwezi. Malipiro awiri amathera m'mabasi ndi m'renti.

Kwa adzukulu a Amalawi amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'mayadi a azungu nthawi ya Southern Rhodesia, nkhaniyi imapweteka kwambiri. Mnzawo wa Chishona ali ndi kumudzi kotumizako ana zinthu zikathina. Iwo ambiri alibe. Nyumba imene agogo awo anapatsidwa ndi khonsolo ndiyo mudzi wonse, ndipo mayi wokalamba wa m'nyumbamo akadwala, palibenso kothawira. Amayi amenewa ndi amene anasunga mabanja pamene asilikali ankalondera njira ya ku Beira m'zaka za m'ma 1980, ndiponso pa nkhondo ya ku Congo kuyambira 1998 mpaka 2002. Koma nthawi imeneyo kawirikawiri wochoka anali bambo yekha. Lero akazi alowa usilikali, ndipo makomo ena amatsala opanda kholo ndi limodzi lomwe.

Ku America asilikali apamtunda ali ndi ndondomeko yotchedwa Married Army Couples Program. Okwatirana amalembetsa, ndipo akuluakulu amayesetsa kuwaika pamalo osatalikirana kupitirira makilomita pafupifupi 80, ngakhale salonjeza kuti zitheka nthawi zonse. Sikuti ntchito ya dziko iime chifukwa cha ukwati, ayi. N'kungoti wolemba transifa adziwe kuti dzina limene akulisunthalo lili ndi mnzake m'kaundula yemweyo.

Gawo 25 la malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 limalamula boma ndi nthambi zake zonse kuteteza banja ndi kuthandiza olera ana. Akuluakulu a asilikali, musanasaine transifa ya mwamuna kapena mkazi wotereyu, yambani mwafunsa kumene ana akagone.