Kodi mumadziwa? Chibayo cha khanda chimabisala m'kapumidwe

Khanda la masiku ochepa likhoza kudwala chibayo osatsokomola n'komwe, thupi osatenthanso. Nthawi zina limachita kuzizira.

N'chifukwa chake azaumoyo amavundukula pamtima pa mwana ali phee, n'kuwerenga kapumidwe kake kwa mphindi imodzi yathunthu, pakuti khanda limapuma modukizadukiza. Mwana wosakwana miyezi iwiri akamapuma ka 60 kapena kuposerapo, ndiye kuti zinthu sizili bwino. Amaonanso ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa kwambiri pokoka mpweya, ngati akubuula, kapena ngati wasiya kuyamwa. Khanda lokana bere, chonde, musagone nalo kunyumba.

Makanda ena amatenga tizilombo toyambitsa chibayo pobadwa, makamaka madzi a mayi akatuluka maola oposa 18 mwana asanabadwe.

Kuchipatala mwana wodwala chibayo amamubaya jakisoni wa gentamicin pamodzi ndi ampicillin kapena penicillin, ndipo amamupatsa okosijeni. Wobanika kwambiri amamuika pa makina a CPAP, okankhira mpweya m'mphuno kuti mapapo asafote. Ena mwa makinawa, otchedwa Pumani, anapangidwa ndi Rice University ya ku America mogwirizana ndi madokotala a pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Oyambirira ankapopa mpweya ndi timapampu ta m'magalasi owetera nsomba.