Kuona Mwana Pamaso pa Mboni

Chaka china mtsikana wa m'kalasi langa la Sitandade 4 anayamba kubisala kuseri kwa chitseko belu loŵerukira likalira. Nditafufuza, ndinamva kuti amayi ake anali atachoka pabanja chifukwa cha kumenyedwa, ndipo atate ake ankamdikirira pamseu. Mwanayo ankawakonda atate akewo, komanso ankawaopa. Kodi mwana wotere tingamthandize bwanji?

Kale nkhani zotere zinkathera kwa ankhoswe, ndipo mkazi ankangouzidwa kuti banja ndi kupirira. Koma m'chaka cha 2006 Nyumba ya Malamulo ya Malaŵi inakhazikitsa lamulo loletsa nkhanza za m'banja. Lamuloli limapatsa bwalo la milandu mphamvu yoletsa wankhanza kuyandikira wozunzidwa, ngakhale kumtulutsa m'nyumba. Pa nkhani ya ana, bwalo limayamba laganizira ubwino wa mwana, zofuna za makolo pambuyo.

Tsono pamene kholo lili loopsa koma mwana akulifunabe, pali njira yapakati: kholo liwone mwana wake pamaso pa munthu wachitatu wodalirika. Bwalo limatchula tsiku, malo ndi kutalika kwa nthaŵi. Makolo aŵiriwo safika pamodzi, kuti asakumane. Wodzacheza saloledwa kubwera ataledzera, kunyoza mnzake pamaso pa mwana, kumtuma mauthenga, kapena kumfunsa kumene amayi ake akukhala. Akaswa zimenezi, woyang'anira amathetsa kuchezako ndi kukanena kubwalo.

Ku Britain ntchitoyi ili ndi malo akeake. Oyamba anatsegulidwa ku Nottingham m'chaka cha 1985, m'nyumba ya mpingo, ndi Mary Lower, mayi amene anali woweruza milandu.

Makolo anzanga, tichenjere pa zinthu ziŵiri. Choyamba, nkhanza sizitha tsiku lolekana. Kaŵirikaŵiri zimakula pa nthaŵi imeneyo, ndipo wankhanza amagwiritsa ntchito mwana ngati nyambo. Chachiŵiri, woyang'anira asakhale mbale woopa kudzudzula. Agogo amene anganene kuti, "Pitani naye kumsika, mubwera msanga," ataya kale udindo wawo. Tikapemphedwa ntchitoyi, tisaisandutse mpata wokakamiza mayi kubwerera kumene anathaŵa. Amene ali pa zoopsa apite kupolisi, ku ofesi yothandiza ozunzidwa, kapena kwa mlangizi wa boma woona za chisamaliro cha anthu.

Inu achinyamata, kulekana kwa makolo si mlandu wanu. Ngati mukuopa, uzani wamkulu amene mumamkhulupirira.

Mtsikana uja bwalo linamkonzera zoti aziwonana ndi atate ake Loŵeruka lililonse, pamaso pa mayi wina wachikulire. Patapita miyezi ingapo analeka kubisala, ndipo anayambanso kukweza dzanja m'kalasi. Paja akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.