Chichewa cha ku Kasungu m'Buku la Watkins

M'chaka cha 1937 kudatuluka buku lotchedwa A Grammar of Chichewa lomwe adalemba ndi Mark Hanna Watkins wa ku Amereka. Amene adamupatsa mawu ndi ziganizo ndi Hastings Kamuzu Banda, yemwe pa nthawiyo ankaphunzira pa yunivesite ya Chicago. Popeza Banda kwawo kudali ku Kasungu, bukuli likulongosola Chichewa cha ku Kasungu monga chinkayankhulidwira zaka zimenezo. Phindu lake kwa alembi ndi aphunzitsi ndi lakuti likuonetsa zinthu za m'chiyankhulo zimene kalembedwe ka masiku onse sikaonetsa.

Choyamba ndi mvekero wa ŵ, womwe umatuluka milomo itayandikana koma osagundana, monga m'mawu akuti maŵa, kudziŵa ndi Malaŵi. Anthu ambiri lero amautchula ngati w, ndipo nyuzipepala zambiri zidasiya kuika kachizindikiro pamwamba pa lembolo.

Chachiwiri ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu, komwe Watkins adakulemba ndi zizindikiro. Mlimi wa fodya akanena kuti "mtengo wagwa", womumvera sasokonezeka. Liwu likakwera pa phatikizo la -te-, ndiye kuti wagwa ndi mténgo wa m'tchire. Likakhala lotsika m'mawu onsewo, ndiye kuti fodya watsika mtengo ku okushoni. Papepala, mawu awiriwa ndi amodzi.

Izi zimafika mpaka pa nthawi za aneni. Ndímathandíza akutanthauza chizolowezi, pomwe ndimathándiza akunena zimene zinkachitika posachedwapa. Malembo ndi omwewo, koma nthawi ndi ziwiri.

Bungwe la Chichewa Board, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1972, lidakonza malamulo a kalembedwe opanda zizindikiro za liwu, ndipo kalembedwe kameneka kadapitirira ngakhale ntchito yake itapita ku Centre for Language Studies mu 1996. Izi zidapeputsa ntchito ya osindikiza ndi ana asukulu, koma zidasenzetsa mlembi udindo. Mkonzi akapeza chiganizo chomwe chingawerengedwe pawiri, awonjezere mawu ounikira, monga "masiku onse" kapena "m'mawa uja". Naye mphunzitsi aziwerengetsa ana mokweza, chifukwa khutu limagwira zimene diso laphonya.